Kapinga wa ku Linden: zolemba za m'kope, Seputembala mpaka Disembala

3 Seputembala

Pakhomo pano ndinayamba ntchito yosamalira kapinga ndi maluwa mwezi watha, ndimabwera Lachiwiri ndi Lachisanu. Ndi ku Linden, kumpoto kwa tawuni ya Johannesburg. Adona pondionetsa bwalo anati akufuna kuti pofika Khrisimasi adzukulu awo azithamanga pa kapinga opanda nsapato. Sindinayankhe. Ndinangoyang'ana galu wawo amene anali atakhala pansi n'kumadzizula minga kuphazi ndi mano.

Ndagula kope la masamba 72 kuti ndizilemba chilichonse. Chaka chatha pakhomo pena ndinapopera mankhwala, kapinga n'kuchita mawanga achikasu, ndipo atandifunsa kuti ndinathira ochuluka bwanji, tsiku liti, ndinangoti kukamwa yasa. Manyazi amenewo sindiwafunanso.

Lero ndayeza malo. Kutsogolo kuli kapinga wa mtundu wa kikuyu, mamita 18 m'litali ndi 12 m'lifupi, ndiye kuti ma square metre 216. Kuseri, pansi pa mitengo, kuli mtundu wina wotchedwa LM, pafupifupi ma square metre 60. Kwathu zonsezi timangoti kapinga, koma kuno uyenera kudziwa mtundu wake, chifukwa mankhwala amene kikuyu amawapirira, LM akhoza kudwala nawo.

Kenako ndagwada n'kuyenda chokwawa kuti ndione tchire limene ndikulimbana nalo. Clover wa maluwa oyera watenga malo aakulu pakati penipeni. Dandelion ali apo ndi apo, mizu yake yolowa pansi ngati karoti. Pali oxalis, kaja koyanga ka masamba atatu ooneka ngati mtima ndi timaluwa tachikasu. Chakumsewu, kumene anthu amaponda, kuli khakiweed, mwini minga ija ya galu. M'mbali mwa mpanda muli winter grass wobiriwira mopepuka, watulutsa kale njere.

6 Seputembala

Kupopera ayi, nthawi sinakwane. Kikuyu akadali wofiirira ndi chisanu cha Juni ndi Julayi, wangoyamba kumene kuphukira m'munsi, ndipo nthaka ili gwa. Mankhwala amenewa amalowera m'masamba, ndiye amagwira bwino pa chomera chimene chikukula mwamphamvu, chikudya ndi kumwa. Chomera chaludzu chimakhala ngati chatseka pakamwa. Choyamba tsono n'kudyetsa bwalo lonse, tchire lomwe. Nkhuku ya alendo timayamba taipatsa madeya.

Ndapala udzu wakufa ndi reki yachitsulo, mawilibala 9, kenako ndamwaza feteleza wa 5:1:5. Vuto ndi madzi. Malamulo a Johannesburg Water, bungwe loona za madzi mumzinda muno, salola kuthirira maluwa ndi kapinga pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo kuyambira Seputembala mpaka Malichi, pamene ine ndimafika 7 koloko kuchokera ku Cosmo City n'kuweruka 4 koloko. Tagwirizana kuti abwana azitsegula okha sprinkler madzulo. Ndawachonderera kuti lero lokha asaiwale, feteleza wosathiriridwa amawotcha.

Ndapezanso kumene vuto linayambira. Makina otchetchera, aja anzathu amangoti mowa ngati wa m'chipanda, ndawapeza atatsitsidwa mpaka pansi. Kapinga ankametedwa mpala sabata iliyonse. Dzuwa likamafika pa nthaka njere za tchire zimadzuka, ndipo kapinga wometedwa chonchi alibe mphamvu yoziphimba. Ndawakweza kufika pafupifupi masentimita 5. Clover naye ndi mboni: ali m'gulu la nyemba ndi mtedza, ali ndi timatuza kumizu todzipangira chakudya chake kuchokera mu mpweya, ndiye pamene kapinga akufa ndi njala iye amanenepa. Ukaona clover wadzaza bwalo, dziwa kuti feteleza anapita kalekale.

20 Seputembala

Ndafika m'mawa abwana atatulutsa kale chigubu cha Roundup m'galaja, akuti tingothira zithe. Ndachita kuwagwira mkono. Roundup ndi glyphosate, ndipo sasankha. Chobiriwira chilichonse chimene wachikhudza chimapita, kapinga yemwe. Kwathu ku Ntcheu timamupopera m'munda tisanadzale chimanga, pamene palibe choti tisunge. Pano malo ake ndi m'ming'alu ya njerwa za podutsa galimoto basi.

Tapita limodzi ku nursery. Mabotolo ndi ambirimbiri, mayina okongola, koma ndinaphunzira kusakopeka ndi dzina lalikulu. Ndimayang'ana timalemba tating'ono tonena zimene zili m'katimo. Tagula lolembedwa 2,4-D, dicamba ndi MCPA. Ndaonanso kuti pali nambala yoyamba ndi L ndi mawu akuti Act 36 of 1947, lamulo limene mankhwala a ulimi kuno amalembetsedwera. Aja ogulitsidwa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu alibe zimenezi, ndipo ine sindiwakhudza ngakhale atchipe bwanji.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anabwera kuchokera kumudzi mu Julayi ndipo amandithandiza Lachisanu. Pa nkhomaliro anatenga botolo n'kulitembenuzatembenuza.

"Malume, mankhwala angadziwe bwanji kuti uyu ndi kapinga, ili ndi tchire?"

Ndamuuza kuti sadziwa kanthu. Chomera chilichonse chili ndi timadzi take tochiuza kuti chikule, ma hormone. Mankhwalawa amadzizimbaitsa ngati timadzi timeneto. Chomera cha masamba otambalala, cha gulu la nyemba, tomato kapena bonongwe, chikawamwa chimayamba kukula mopenga: tsinde limapindika, masamba amapotana, njira zoyendamo chakudya zimasokonekera, mpaka chimafa. Za gulu la chimanga, mpunga, nzimbe ndi kapinga zimawapirira akathiridwa pa mlingo wake. N'chifukwa chake 2,4-D kuyambira m'zaka za m'ma 1940 wakhala akupoperedwa m'minda ya tirigu ndi chimanga. Tsono kusankha kwake n'kwa mtundu wa chomera, osati kwa zimene mwini bwalo amakonda. Ma rose a adona ndi dandelion kwa iwo ndi pachibale. Mphwanga anavomera ndi mutu, kukamwa kuli buledi.

27 Seputembala

Tsiku loyeza. Apa ndi pamene ndinalakwitsa chaka chatha, ndiye ndilemba mofatsa.

Ambiri timafunsana kuti, "Zivindikiro zingati mu sipuleya?" Funso limeneli ndi losokeretsa. Malangizo a pa botolo amapereka mlingo wa mankhwala pa kukula kwa malo, pa ma square metre 100. Madzi ndi ongonyamulira. Anthu awiri akhoza kusakaniza mofanana, koma woyenda ngati ali pa maliro amathira kawiri kuposa woyenda ngati akuthamangira minibasi. Ndiye uyenera kudziwa kuti iweyo, ndi sipuleya yako, ndi mayendedwe ako, umatha malita angati pa malo akutiakuti.

Ndakhoma zikhomo n'kumanga chingwe, mamita 10 kwa 5. Ndathira malita 5 a madzi okhaokha mu sipuleya yakumsana ya malita 16, ndayika nozzle, kamlomo kotulukira madzi, yomwaza mopyapyala ngati chipapa, ndayenda mzere ndi mzere, nozzle ili cha m'mabondo. Otsala ndawayeza: ndatha malita awiri ndi theka. Ndabwereza kuti nditsimikize, zafanana. Ndiye ine ndimatha malita 5 pa ma square metre 100, ndipo kutsogolo konse kudzafuna malita 11. Mankhwala ndidzachulukitsa mlingo wa pa botolo kawiri n'kuwonjezera pang'ono pa ma square metre 16 otsalawo. Ndagula jekeseni ya pulasitiki ku pharmacy yoyezera mamililita. Chivindikiro ndi maso zimanama.

Kuseri ndasakaniza pang'ono n'kupopera kachigawo ka LM kokula ngati chitseko, pakona posaonekera, kutali ndi mitengo.

4 Okutobala

Mphepo. Masamba akuuluka, zovala pachingwe zaima chopingasa. Sindinapopere. Ndangotchetcha.

8 Okutobala

Usiku kwagwa mvula yoyamba, ija kwathu timati chizimalupsa, ndipo kumwamba kukadali mdima. Ndadikiranso. Jacaranda m'misewu wayamba kuchita maluwa.

Kachigawo ka LM kachita chikasu, nsonga zapsa. Sikanafe, koma ndaona zokwanira. Kuseri sindipoperako. Pali chifukwa china: dicamba amalowa m'nthaka ndipo mizu ya mitengo imamumwa, pamene LM yenseyu ali pansi pa nthambi. Ma square metre 60 si munda, tizula ndi manja. Mphwanga nkhope yagwa.

11 Okutobala

Lero zatheka. Kunja kuli zii, kumwamba kuli mbee, kapinga sanatchetchedwe kwa sabata ndiye tchire lili ndi masamba okwanira ogwira mankhwala. Ndadikira mame aume pang'ono n'kuyamba 8 koloko. Mvula ya kuno nthawi zambiri imabwera chakumadzulo, ndi ziphaliwali, nthawi zina matalala, ndiye wopopera m'mawa amakhala ndi maola angapo oti mankhwala alowe asanatsukidwe. Masana dzuwa likaswa mtengo n'kosayenera, kapinga amapsa ndipo mankhwala amatha kuuluka ngati nthunzi kupita kumene sunawatume.

Ndavala ovolosi, majombo, magolovesi a labala ndi chophimba kumphuno. Ndathira madzi theka, mankhwala, n'kudzazitsa kufika malita 11. Sindinapope mwamphamvu, chifukwa mphamvu ikachuluka madontho amasanduka nkhungu youluka. M'mbali mwa mabedi a maluwa ndasiya sitepe imodzi, ndipo pamene ndimayandikira mphwanga amaimika chikatoni cha firiji ngati chishango. Malita 11 athera pa mzere womaliza ndendende. Ndasangalala ngati mwana wakhoza masamu.

Galu watsekeredwa m'nyumba mpaka kapinga atauma. Pa mpope wa sprinkler ndamangapo chisanza kuti abwana asatsegule usiku uno ndi mawa. Sipuleya ndaitsuka, madzi ake ndawamwaza pa kikuyu yemweyo, osati mu ngalande. Ovolosi ndaichapa payokha. Mvula yabwera cha m'ma 5 koloko ndili mu taxi, maola 8 atadutsa.

15 Okutobala

Adona andidikirira pa geti, khofi ali m'manja. Akuti tchire lakula kuposa kale, mankhwala aja tinataya ndalama. Ndawatengera pa dandelion mmodzi n'kuwaonetsa: phesi la duwa lapindika ngati ndodo ya agogo, masamba aimirira n'kupotana. Kukula kumeneko ndiyo imfa yake. Iwo anazolowera madzi otentha, zoti ukathira uone chikufota. Awa amatenga masabata awiri kapena atatu. Anafunsa ngati tingabwereze lero kuti zifulumire. Ndakana mwaulemu. Kubwereza msanga kuli ngati kumwa mapiritsi a sabata yonse tsiku limodzi, wovulala ndi kapinga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mwambi umenewu m'Chingerezi unandikanika, ndinangoti andipatse masiku 10.

18 Okutobala

Kutchetcha koyamba chipoperereni. Udzu wotchetchedwa sunapite ku kompositi, chifukwa umakhala ndi mankhwala otsalira ndipo ukauyala pa tomato kapena nyemba umazipotoza. Ndauthira m'matumba, abwana akataya ku malo a Pikitup olandira zinyalala za m'dimba. Ndichita chonchi maulendo atatu.

25 Okutobala

Masabata awiri. Dandelion wafa, ukakoka amangosomoka ndi muzu wowola. Khakiweed wauma, koma minga yake yakale ili mbwee pansi, ndiye tasesa ndi tsache lolimba kenako takoka chibulangeti chakale pamwamba kuti minga ikanirire. Minga imeneyo ndiyo njere, ukaisiya wadzala. Clover wambiri wachita bulauni, kupatula pakati pamene anali wothithikana, apo masamba apamwamba anatchinga apansi. Oxalis wangokwinya nkhope, m'munsi akuphukira. Ameneyu ndinadziwa kuti sagonja ulendo umodzi. Amayanga n'kumera mizu pa mfundo iliyonse, ndipo timakoko take tikakhwima timaphulika n'kumwaza njere patali.

Winter grass sanamve n'komwe, poti ndi udzu mnzake wa kikuyu. Akufota yekha ndi kutentha, koma njere wasiya. Mankhwala ake ndi ena, a propyzamide, ndipo nthawi yake ndi poyamba kuzizira. Ndalemba kumapeto kwa kope: Epulo.

Kikuyu sanasinthe mtundu pena paliponse. Palibe mizere yachikasu.

1 Novembala

Lero ndalemba mochedwa, ndili kunyumba, chifukwa masana mtima sunali m'malo.

Lachiwiri ndinaona nsonga za ma rose a kukhonde zitapindika, ndinaganiza kuti ndi nsabwe. Lero zaonekeratu: masamba atsopano ndi opyapyala, opotana, mphukira zakhota ngati dandelion uja. Mitengo 6 yonse. Ndinayamba kudzifunsa ngati mphepo inandinamiza tsiku lopopera, koma ma rose amenewa ali kuseri kwa khoma, ndipo maluwa a m'mbali mwenimweni mwa kapinga ali bwinobwino.

Ndinamufunsa mphwanga. Anayang'ana pansi. Lachisanu lapitalo ine ndili kuseri kuzula tchire, adona anamupatsa mankhwala a nsabwe kuti apopere ma rose, iye n'kutenga sipuleya yomweyo.

"Koma malume, munatsuka ndikuona. Inenso ndinatsukuluza."

Zoona, ndinatsuka. Koma mankhwala a mtundu uwu amakanirira mu paipi, mu labala ndi m'kasefa ka nozzle, ndipo ma rose, tomato ndi mphesa zimamva ngakhale kadontho. Ndinkadziwa zimenezi. Ndinamufotokozera za ma hormone ndi zaka za m'ma 1940 ngati mphunzitsi, koma mawu osavuta akuti sipuleya iyi usaigwiritse pa china chilichonse sindinamuuze. Ndinaipachika pa msomali pamene aliyense angaitenge.

Ndinapita ndekha kwa adona, mnyamatayo ndinamusiya kuseri. Ndinawauza mmene zayendera ndi kuti wolakwa ndine. Anakhala chete nthawi yaitali. Ma rose awiri mwa amenewo anadzala ndi malemu mayi awo. Kenako anafunsa ngati afa. Ndinati mankhwala amene alandira ndi ochepa, mizu sinakhudzidwe, tidule nsonga zopotanazo, tithirire bwino, tisathire feteleza pakadali pano, tione mphukira zotsatira. Ndinawaonetsanso kope, tsiku ndi tsiku. Ndikuganiza kuti kope ndi limene landisungira ntchito.

5 Novembala

Ndagula ndi ndalama zanga sipuleya yaing'ono ya malita 5 ya maluwa okha. Yakumsana ija ndaipaka penti yofiira pa chivindikiro n'kulemba m'Chichewa ndi m'Chingerezi kuti ya tchire lokha. Tsopano imakhala m'kabati yokiya pamodzi ndi botolo ndi jekeseni.

12 Novembala

Mvula yakhazikika, ndipo alendo atsopano afika. Pafupi ndi mpope wa panja pamera dawe. Ndamuzindikira msanga, ndinakulira kumupalira kudimba: masamba onyezimira, amatalika kuposa kapinga patangotha masiku awiri chitchetchereni, ndipo tsinde lake ukalipotokola pakati pa zala umamva ngodya zitatu. Dawe si udzu weniweni, komanso si wa masamba otambalala, ndiye botolo lathu silimukhudza. Kuzula n'kungodzinamiza, timtedza take timatsala pansi n'kuphukanso. Mankhwala ake alipo, monga a halosulfuron, koma malo ndi ochepa, masitepe awiri okha. Ndayamba ndi mpope, umene wakhala ukudontha mwina chaka chonse n'kusandutsa pamenepo dambo. Ndasintha labala yake. Kenako ndakumba ndi foloko kuzama kwa chikhato ndi theka, n'kusefa dothi pa waya. Timtedza tadzaza chitini cha jamu.

M'mabedi mwamera chisoso ndi bonongwe. Adona akuti zichoke. Zachoka, zili m'jumbo, madzulo zikumana ndi nsinjiro. Ndimathyola za m'mabedi a kuseri zokha, kumene sikunafike mankhwala a mtundu uliwonse. Nthawi zina ndimaseka ndekha kuti ndinadutsa mayiko awiri kudzalipidwa chifukwa chozula ndiwo.

22 Novembala

Masabata 6 akwana chipoperereni. Ulendo wachiwiri sindinapopere bwalo lonse, koma mawanga okha a oxalis ndi clover wotsala, malita atatu basi, mayendedwe omwe aja. Masamba a awiriwa ndi oterera, madontho amagubuduka ngati pa tsamba la koko, ndiye ndawonjezera wetter, aja othandiza kuti mankhwala amatirire, monga mwa malangizo ake.

Chondidetsa nkhawa tsopano ndi zipala zimene tchire lasiya. Pamene panali clover wothithikana pali dothi loyera lokula ngati mphasa ziwiri. Dothi lapoyera silikhala lopanda mwini, ukachedwa limapeza lokha. Mbewu ya udzu sindingafese pamalo pongopoperedwa kumene. Pa zipala zakale zimene lero sizinalandire mankhwala ndatipula ndi foloko, ndathira kompositi pang'ono, n'kudzala zingwe za kikuyu zimene ndadula m'mphepete mwa mabedi, kumene amalowerera osaitanidwa. Zina zidikira.

29 Novembala

Ndamwaza feteleza wa LAN pang'ono mvula ili pafupi kugwa. Zingwe zagwira, zikuyanga. Kuseri tamaliza kuzula, mphwanga wapanga chozulira chake kuchokera ku sikuludalaiva yakale ndipo dandelion akumutulutsa ndi muzu wonse. LM ndikumutchetcha motalikirapo kuposa kikuyu, poti ali pa mthunzi.

Ma rose anayi atulutsa mphukira zowongoka, masamba ofiira bwino ngati kale. Awiri akadali kutulutsa masamba opyapyala. Limodzi mwa awiriwo ndi la mayi awo a adona.

13 Disembala

Ndavula majombo n'kuyenda kutsogolo konse, uku ndi uku. Minga iwiri yokha, yonse chakumsewu. Ndakokanso chibulangeti pamenepo. Clover sakuoneka. Oxalis watsala pang'ono m'mphepete mwa njerwa, ameneyo ndidzakumana naye mu Januwale. Dawe waphuka mitu 7, ndakumbanso. Zipala zatsekeka kupatula chimodzi chokula ngati beseni. Rose wa mayi aja watulutsa nthambi imodzi yabwino kuchokera m'munsi, inayo ikadali yopotana, sindinaidule, ndikufuna ndione kaye.

Lamlungu ndikwera basi ya kumudzi, kudzera ku Beitbridge ndi Tete, ndibwerako pa 10 Januwale. Mphwanga atsala akugwira masiku onse awiri. Ndamulembera pa tsamba lakelake: kutchetcha Lachisanu lililonse, makina asatsitsidwe ngakhale abwana anene, dawe akumbidwe osati kuzulidwa, ma rose athiriridwe kutsinde. Wawerenga mokweza n'kufunsa, "Nanga oxalis akachuluka, malume?" Ndamuuza kuti amujambule anditumizire pa WhatsApp. Kiyi wa kabati ndapita naye.